Malata a Chitemwa ndi Dipuloma ya Hellen

A Nebert Chitemwa sakhulupirira nsalu asanainyowetse. Mpukutu watsopano ukafika mushopu ya Mai Urmila ku Old Town, kumene akhala akuyeza ndi kudula nsalu kwa zaka zoposa makumi awiri, iwo amang'amba kachidutswa kumapeto, n'kukaviika m'kapu ya madzi pansi pa kauntala, kenaka n'kukatikita pa kampango koyera. Kampangoko kakasintha mtundu amangoti, "Iyi ndi ya Khrisimasi imodzi," n'kuukankhira mpukutuwo ku shelefu ya pansi.

Ndi munthu wamtali, wowonda, woyankhula mochedwa ngati amayamba alawa mawu asanawatulutse. Kwawo ndi ku Malingunde. Adabwera m'tauni chaka cha njala yaikulu ija, nayamba kusenza katundu pa Msika wa Lilongwe. Ndalama zoyamba zomwe adasunga adagulira thumba la feteleza loti lipite kwa mayi awo. Litatsegulidwa kumudzi, feteleza adali wapamwamba pokha. Pansi ponse udali mchenga wa kumtsinje. Mayi awo sadakalipe. Adangotapa mchengawo m'kachitini n'kuwatumizira kuti auone. Chiyambire pamenepo, munthu akamatamanda chinthu chomwe akugulitsa, maso a Chitemwa amakhala ali pansi pa thumba.

Amakhala ku Area 9, osati m'nyumba zikuluzikulu zija, koma m'zipinda ziwiri za antchito kuseri kwa nyumba ya Mai Urmila, pamodzi ndi akazi awo a Anastazia ndi mwana wawo wotsiriza, Hellen. Nyumba yawoyawo ili kumudzi. Njerwa adaumba ndi kuotcha okha pa nthawi za tchuthi, makoma adakwera mpaka poika mitengo ya denga, n'kuima pomwepo, kukamwa yasa kuyang'ana kumwamba. Chotsala adali malata. Adali atagwirizana kale ndi Mai Urmila kuti kumapeto kwa Okutobala apuma ntchito, alandire ndalama zawo za zaka zonsezo, afolere mvula isanagwe, azikalima.

Ogasiti adafika ndi mphepo yake. Fumbi linkalowa mushopu n'kukhala pa mipukutu, timapepala tinkavina m'misewu, milomo ya anthu ili mbuu. Mwezi umenewo Hellen adali atatha chaka chathunthu ali pakhomo. Mayeso a Folomu 4 adakhoza, koma mapointi ake sadamulowetse ku yunivesite ya boma. Tsiku lina Lamulungu atabwerako kutchalitchi, adakhala pakhonde pafupi ndi bambo ake, manja ali pamaondo.

"Adadi, pali koleji ina pamwamba pa shopu ya matayala, kufupi ndi depoti. Zaka ziwiri zokha, munthu n'kutenga dipuloma."

"Dipuloma ya chiyani?"

"Amati General Studies. Mumaphunzira zambiri. Kompyuta pang'ono, za bizinesi pang'ono, Chingerezi cha muofesi, masamu pang'ono."

"Ukamaliza udzakhala ndani?"

"Ndidzakhala ndi dipuloma."

"Ndamva zimenezo. Ndikufunsa kuti anthu azidzakutchula kuti ndani. Wophunzira unamwino amakhala namwino. Wa uphunzitsi amakhala mphunzitsi. Nanga wa pang'ono uku pang'ono uku?"

A Anastazia, amene ankasankha nyemba m'lichero, sadadzutse n'komwe mutu. "Abambo a Hellen, mwana sanamalize kuyankhula, inu mwamuviika kale m'kapu."

Hellen adatchula fizi: K1,200,000 pa chaka. A Chitemwa adawerengera mumtima. Ndalama imeneyo idali pafupifupi yomwe a Ayub, ogulitsa zipangizo zomangira kuseri kwa msika, adawatchulira ya malata, misomali ndi matabwa. Chaka chimodzi cha Hellen chidali denga lawo lonse. Chaka chachiwiri sichidali paliponse.

"Kodi kukolejiko kuli mnyamata?" adafunsa.

Hellen adadzuka n'kulowa m'nyumba. Nyemba zidapitiriza kugwera m'mbale imodziimodzi.

Lachiwiri pa nthawi ya nkhomaliro, a Chitemwa adakwera masitepe onunkha matayala. Pamwamba adapeza zipinda zitatu, mipando yapulasitiki, makompyuta ali pamzere atavindikiridwa ndi nsalu, ndi mnyamata wa tayi yofiira amene adawalandira ndi manja awiri ngati amalume ake. Pakhoma padali chithunzi chachikulu cha anyamata ndi atsikana atavala magauni akuda, akuponya zipewa m'mwamba. Nsalu ya magauniwo adaizindikira. Idali ya shelefu ya pansi. Koma gauni imavalidwa tsiku limodzi.

"Bwana, mwafika pamalo," adatero mnyamatayo. "Omaliza athu ali m'maofesi ku City Centre, ali m'mabanki, ali m'mabungwe. Ena akulandira K800,000 pamwezi."

"Enawo ndi angati?"

"Ambiri, bwana."

"Mungandilozere mmodzi ndikamuone?"

Mnyamatayo adaseka mwaulemu. "Za malipiro a anthu ndi zachinsinsi, bwana. Koma fizi isakudetseni nkhawa. Tili ndi bungwe lomwe limabwereketsa makolo. Mumangosayina, iwo amazidula okha ku malipiro anu, simumva n'komwe."

A Chitemwa adatsika masitepe aja. Wogulitsa thumba ndi yemweyo akukulozera kokakongola ndalama yogulira thumbalo, ndipo sakulola kuti upisemo dzanja. Adafika kushopu osadya.

Mai Urmila adali atamva kale, chifukwa nkhani ya kuseri kwa nyumba imadzera kukhitchini. Ndi mayi wamasiye, wobadwira mu Lilongwe momwemo, ndipo Chichewa chawo ndi cha pamsika, chachangu ndi chosazungulira. Mwana wawo Chirag ndiye woti adzatenge shopu, koma mtima wake uli pa mafoni.

"A Chitemwa, musapite kwa obwereketsa aja, akusendani ngati chinangwa," adatero. "Ine ndikubwerekani zaka ziwiri zonsezo, popanda chiwongoladzanja. Tizidula pang'onopang'ono."

"Zikomo, madamu. Ndikaganize."

Adaganiza akudula nsalu ya makatani. Pang'onopang'ono ameneyo adali zaka zinayi. Zaka zinayi ali pakauntala pomwepo, ndalama zopumira ntchito zikudikira, makoma akumwa mvula. Akapuma ntchito n'kupereka ndalamazo kukoleji, ndiye kuti denga palibe, ntchito palibe, chaka chachiwiri cha mwana palibe. Ndipo chifundo chamwadzidzidzichi chachokera kuti? Mai Urmila amakangana ndi wogula pa K200. Adawayang'ana chamseri ali pa makina a ndalama, koma nkhope yawo sidaulule kanthu.

Funso lidali limodzi: kodi munthu wa dipuloma imeneyi amalandira zingati zenizeni, atachotsa ngongole? Koma funso limenelo silifunsidwa. Munthu ungamufunse za matenda ake, za mlandu wa m'bale wake, ngakhale chifukwa chomwe banja lake lidathera, koma osati malipiro. Akuyesa mfiti kapena wofuna kukongola.

Choncho adayesa kuona ndi maso. Tsiku lina mu Seputembala, maluwa a jakaranda atayamba kuthothokera m'misewu, adakwera minibasi kupita ku City Centre pa nthawi ya nkhomaliro n'kukhala pabenchi. Anyamata ndi atsikana ankatuluka m'maofesi atapachika timakhadi m'khosi. Ena ankalowa m'malo odyera, ena ankagula chimanga chootcha n'kukadyera kuseri kwa galimoto za eni. A Chitemwa adayang'ana nsapato, adayang'ana makolala a malaya. Koma ndani mwa iwo adali wa digiri, ndani wa dipuloma ya pamwamba pa matayala? Pepala silioneka pamphumi. Adabwerera atangotaya ya minibasi.

Nzeru idawapeza mushopu. Amayi a kutchalitchi kwawo adabwera kudzasankha yunifolomu ya ukwati wa Lexon, mwana wa mkulu wampingo. Lexon ameneyu ndiye ankatuluka m'kamwa mwa Hellen nthawi zonse: adaphunzira kukoleji komweko, pano ali ndi galimoto ya kuntchito. A Chitemwa akuyeza chitenje chobiriwiracho, adakumbukira chinthu chimodzi. Paukwati ndalama sizibisala. Pa perekaniperekani woyendetsa mwambo amaitana magulu, limodzilimodzi: akuchimuna, akuchikazi, akumpingo, akuntchito, anzake a kusukulu. Gulu lililonse limavina pabwalo likuponya ndalama anthu onse akuona. Anzake a Lexon a kukoleji adzaitanidwa basi. A kalasi yonse adzaimirira pamaso pawo, zikwama zili m'manja, popanda wowafunsa funso lamwano.

Adadzidulira okha mamita awiri a malaya.

"Inu kuukwati?" adadabwa a Anastazia. "Si paja mumati maukwati ndi misonkho ya nyimbo?"

"Ndikukaona zinthu."

Ukwati udali Loweruka lotsiriza la mweziwo, m'munda wa maluwa wochititsa lendi ku Area 10. Dzuwa lidali phwee, kapinga wobiriwira ndi madzi a paipi pomwe kunja kwa mpanda udzu wonse udali utapsa. Pakhomo la tenti padali tebulo la osintha ndalama, amayi atatu ndi mabeseni awo, kumene munthu amapereka pepala lalikulu n'kulandira timapepala tating'ono toti aziponya nyimbo isanathe. A Chitemwa adasintha K2,000. Monga mwa khalidwe lawo adayang'ana kapepala kalikonse. Kamodzi ka K200 kadali kong'ambika pakona, komata ndi tepi, kothimbirira inki yofiirira. Adafuna kukabweza, koma adachita manyazi. Akumpingo ataitanidwa adavina mowuma ngati mtengo wa magetsi, nakaponya kapepala kaja poyambirira kuti kawachoke.

Magulu adadutsa. Kenaka woyendetsa mwambo adakuwa: "Tsopano ophunzira! Anzake a mkwati a kukoleji! Amadipuloma, tiyeni tione ngati sukulu imalipira! Osabisala kumbuyo uko, takuonani ndi magalasi anuwo!"

Adatuluka khumi ndi awiri. Masuti, madiresi onyezimira, nsapato zogogoda. Kutsogolo kudali mnyamata wa suti yofiirira amene ankaponya ndi manja awiri. Ndalama zidauluka ngati ngumbi mvula itakata. Nyimbo idatha, iwo adakuwa kuti ibwerezedwe, nathamangira kutebulo kukasinthanso. Yachiwiri. Yachitatu. Amayi otola ankadzaza malichero, nthungululu zili pakamwa. Kutsidya kwa tenti Hellen ankawayang'ana bambo ake, nsidze zili m'mwamba, ngati akuti mwaonatu.

Adaonadi. China chake m'chifuwa mwawo, chomwe chidali cholimba chiyambire Ogasiti, chidayamba kufewa. Mwina mnyamata wa tayi uja sadaname. Mwina zaka zinayi si zambiri.

Kapepala kena kadawuluka n'kutera pa nsapato yawo. Adawerama. Kong'ambika pakona, komata ndi tepi, inki yofiirira. Kadachokera m'dzanja la wa suti uja.

Adakaika m'lichero la mayi wotola, maso osakachotsa. Lichero lidapita kutebulo, lidakhuthulidwa m'beseni, amayi aja adasanja timapepalato mwachangu, ndipo posakhalitsa mtsikana wina wa gulu lomwelo adapereka pepala limodzi n'kulandira mulu. Adabwerera pabwalo, adakweza dzanja, kapepala ka tepi kaja kadaulukanso.

A Chitemwa adachotsa maso pabwalo. Izi ankazidziwa chiyambire, monga aliyense wopita kumaukwati amazidziwira, koma njala ya yankho idawaiwalitsa. Zouluka m'mwambazo ndi zomwezomwezo, zikungozungulira kuchoka pabwalo kupita kubeseni n'kubwereranso. Wosintha K5,000 kukhala ma K50 amavina nyimbo zitatu. Wopereka K50,000 mu envelopu savina n'komwe. Iwo, munthu woviika nsalu m'madzi, adagula malaya atsopano kudzayeza chuma cha anthu poyang'ana mphepo.

Adatuluka m'tenti n'kukaima kuseri, pamthunzi wa mtengo wa mango womwe udali utayamba kumanga timango. Pamenepo padali mtsikana uja woponya kapepala kawo, atakhala pa kreti ya zakumwa, nsapato atavula, akusisita zala za kumapazi. A Chitemwa adaima nthawi ndithu. Kenaka adavula chipewa.

"Pepani mayi. Ndikufunsani funso lamwano. Mukafuna munditukwane, ndizipita."

"Funsani, bambo."

"Inu a dipuloma ya pamwamba pa matayala. Mumalandira zingati?"

Mtsikanayo adaseka mpaka kugwira kreti. "Bambo inu! Ngakhale chibwenzi changa sichidziwa zimenezo."

"N'chifukwa chake ndiyamba ine. Dzina langa ndine Chitemwa, ndimadula nsalu kwa Mai Urmila. Ndimalandira K180,000. Akazi anga okha ndi amene amadziwa, inu ndinu wachiwiri." Adapinda chipewa m'manja. "Mwana wanga akufuna kulowa kumene munaphunzira inu. Akalowa, nyumba yanga kumudzi ikhala yopanda denga. Palibe amene akundiuza zoona."

Kuseka kudatha. Mtsikanayo adasuntha pa kreti ngati akuwapatsa malo, ngakhale malo padalibe.

"Ndine Eveless. Ndimakhala pakhomo pa ofesi ya inshulansi ku City Centre, kulandira alendo ndi mafoni. Amandipatsa K270,000."

A Chitemwa adamva ngati awaponda chala. Mwana wa msinkhu wa Hellen, kuposa iwo a zaka makumi awiri pakauntala.

"Musathamange," adatero Eveless. "Obwereketsa aja amadula K95,000 ndisanazione, ndipo zatsala zaka zitatu. Zofika m'manja mwanga n'zochepa kuposa zanu. Mwina inu mumapita kuntchito wapansi, ine minibasi ziwiri."

"Dipulomayo inakuthandizani kulowa?"

"Pakhomo ankafuna pepala lililonse loposa Folomu 4, ndiye inandilowetsa. Nditalowa palibe anandifunsa zomwe zili m'pepalamo. Ndinapita ku yunivesite ina kuti ndiwonjezere ikhale digiri, anandiuza kuti ndiyambire chaka choyamba. Ena akuti kwina amalola. Mwana wanu akafunse yekha asanalipire, osamvera wa tayi uja."

"Nanga anzanuwa? Wa suti yofiirirayo?"

"Richard? Amagulitsa mafoni poimika galimoto. Amatiposa tonse, ndipo dipuloma yake sanapite n'kukaitenga komwe. Lexon ntchito anamupezera ndi amalume ake, akanamupezera ngakhale ndi satifiketi ya ubatizo." Adaloza kutenti ndi nsapato. "Mwationa khumi ndi awiri. M'kalasi tinali oposa makumi atatu. Oti muwafunse ndi amene sanabwerewo."

"Ndiye mukuti asapite."

"Sindinatero. Ndikanakhala pakhomo, pano ndikanakhala ndi ana awiri ndi bambo wina wandevu wondiwerengera mchere."

"Ndiye apite."

"Sindinateronso, bambo." Adayamba kuvala nsapato, nkhope itakwinyika. "Chomwe ndinalakwitsa ine, ndinakongola zonse: fizi, lendi, chakudya. Alipo atatu ankabwera kalasi yamadzulo, masana akugwira ntchito. Tinkawaseka kuti amanunkha thukuta. Anamaliza ndi ngongole yatheka, ndipo pofunsira ntchito anali ndi chonena."

M'tenti woyendetsa mwambo ankaitana ogula keke. A Chitemwa adapempha chinthu chimodzi: kuti Eveless akamuuze Hellen zomwezo, ndi pakamwa pake, popanda iwo. Mtsikanayo adavomera, bola mwanayo abwere ndi chimanga chootcha chake.

Hellen adapita Lachitatu. Adabwerako dzuwa likulowa, nsapato zili mbuu, atadzeranso ku mayunivesite awiri. Ina idamuuza kuti dipulomayo saiwerengera. Ina idati imawerengera chaka chimodzi, akakhoza bwino. Kwa masiku angapo sadayankhule za koleji, ndipo a Chitemwa adayamba kuganiza kuti nkhani yafa yokha. Adadabwa kuti sadasangalale.

Lamulungu Hellen adakhalanso pakhonde paja, manja pamaondo.

"Adadi, ndikufunabe. Koma yamadzulo. A Ayub akufuna munthu wolemba malisiti, ndalankhula nawo kale. Mundilipirire chaka choyamba chokha. Chachiwiri ndidzakhala nditasunga, chotsala ndidzaona."

"Ukapanda kusunga?"

"Ndidzasiya, ngongole yanu isakule."

"Ukamaliza n'kusowa ntchito?"

"Ndidzakhala ndikulemba malisiti ndili ndi dipuloma. Pano ndikutsuka mbale ndilibe." Adawayang'ana m'maso. "Ndipo kulibe mnyamata."

A Anastazia adatsokomola m'nyumba, chifuwa chosakhala cha matenda.

Mmawa mwake, shopu isanadzaze, a Chitemwa adaika sizasi pakauntala. Funso lamwano likatuluka kamodzi, lachiwiri silivuta.

"Madamu, mukundibwereka chifukwa cha Hellen, kapena chifukwa cha sizasiyi?"

Mai Urmila adavula magalasi. "Zonse ziwiri. Hellen ndinamunyamula ali wakhanda. Komanso Chirag akadula nsalu imapita chammbali ngati nkhanu, ndipo sadziwa yosuluka ndi yosasuluka. Mukapita mwezi uno, ndigwira mutu. Mumafuna ndikunamizeni?"

"Ayi, madamu."

Aka kadali koyamba m'nkhani yonseyi kuti wina awatsegulire thumba mpaka pansi. Mchenga udalimo, koma adauona ndi maso awo, ndipo adadziwa kuchuluka kwake.

"Chaka chimodzi chokha," adatero. "Ndikhala zaka ziwiri, osati zinayi. Ndipo Chirag aziima pano mmawa uliwonse, aphunzire."

"Mumuuze nokha, ine samandimva."

Kumapeto kwa Okutobala nyenje zinkalira m'mitengo ya ku Area 9 mpaka makutu kuwawa. Chizimalupsa chidagwa tsiku limodzi masana, fungo la dothi lidakwera, kenaka kumwamba kudayeranso. Loweruka lomwe adayenera kukwera lole ndi malata, a Chitemwa adakwera minibasi ya ku Malingunde ndi mpukutu wa pulasitiki wakuda, wogula kwa a Ayub, lisiti yolembedwa ndi dzanja la Hellen. Tsiku lonse adali pamakwerero, akuphimba mitu ya makoma n'kutsindira ndi njerwa zotsala kuti mvula isalowe m'matope.

Mnansi wawo wina adaima panjira ndi njinga. "A Chitemwa, malata a masiku ano ndi opindika chonchi?"

"Ndi a kanthawi."

"Ndamva mwana ali kukoleji. Akuphunzira chiyani?"

A Chitemwa adatsindira njerwa ina. "Zambiri," adatero.

Atatsika adalowa m'chipinda chomwe chidzakhale chogona. Pakona, pomwe chizimalupsa chidanyowetsa, bonongwe adali atamera kale, timasamba tiwiritiwiri. Adaganiza zomuzula, kenaka adamusiya. Madzinja awiri ndi ambiri, wina adzathyola ndiwo.

Masiku ano bambo ndi mwana amatsikira limodzi ku Old Town mmawa, wapansi, mitambo ikuunjikana chakumwera. Pa mphambano ya kumsika, pomwe amasiyana, a Chitemwa amafunsa funso lomwelo.

"Dzulo munaphunzira chiyani?"

"Kulemba kalata ya muofesi. Ndi kompyuta."

"Pang'ono?"

"Pang'ono, adadi."

"Aphunzitsi anabwera onse?"

"Mmodzi sanabwere."

"Uti?"

Hellen amaseka n'kuwoloka msewu. Iwo amaima kaye kumuyang'ana mpaka atalowa kwa a Ayub, kenaka amatembenukira ku masitepe onunkha matayala aja, amene amaonekera patali, n'kuwayang'ana monga amayang'anira mpukutu wongofika kumene. A Anastazia akawafunsa ngati tsopano akhulupirira, amapukusa mutu.

"Ikadali m'kapu," amatero. "Tidzaona pa kampango."